A Sichali ndi Ndakatulo za pa Matumba a Nyemba

Mwezi uno takwanitsa chaka chiwaikireni a Yotamu Sichali kumanda a kwawo ku Kaseye. Lamulungu lapitali anawatchula ku tchalitchi, ndipo wolengeza anati anali mkhristu wokhulupirika komanso munthu wofatsa. Amayi anga anandigunda ndi chigongono. Kukhulupirika analidi nako. Koma zofatsazo, aliyense amene anagulitsapo nyemba pamsika wa pa Boma akudziwa kuti si zoona, ndipo eni akewo akanamva akanadzuka kudzatsutsa. Ndiye ndati ndilembe zimene ndikudziwa. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, Chichewa ndinachiphunzirira m'kalasi monga anzanga ambiri a kuno, choncho pamene ndaphonya mundikonze. Koma sindilemba kuti anali ofatsa.

Ntchito yawo inali yolemba ndi kusoka matumba. Amalonda akamagula nyemba, chimanga kapena mpendadzuwa kwa alimi, thumba lililonse limafunika dzina la mwini wake kuti katundu asasokonekere pa lole, ndipo likadzaza limafunika kulisoka pakamwa. A Sichali ankagwira ntchitoyi pakhonde la sitolo yakale yoyang'anana ndi pamene malole amapakirira. Ankafika m'mawa panjinga yawo kuchokera ku Kaseye, kapewa kali pamutu, n'kuyala matumba opanda kanthu pansi kuti awalembe penti iume dzuwa lisanakwere. Zida zawo zinali singano yaikulu yopindika, chingwe, chitini cha penti yofiira, ndi kamtengo kotafunidwa kunsonga. Burashi ya m'sitolo ankaikana. Ankati imalemba ngati munthu amene akuopa kuti amumva.

Dzina la mwini katundu ankalilemba pamwamba, laling'ono. Pamimba pa thumba, pamene maso a munthu amayamba kufika, ankalembapo ndakatulo. Palibe anawatuma, palibenso ankawathokoza poyamba. Mizere inkakhala itatu kapena inayi, zilembo zikuluzikulu zoti wodutsa panjinga n'kuwerenga osatsika. Imene ndinayamba kuidziwa ine inali pa thumba limene amayi analing'amba n'kulipachika pakhomo la khitchini yathu:

Nyemba izi zamwa mvula ya ku Mafinga,
zakhwima ndi dzuwa la ku Kaseye.
Wodya iwe, usafunse mtengo wokha,
funsanso dzina la dziko.

Ndinkaiwerenga tsiku lililonse ndikamalowa ndi nkhuni, ndisanadziwe n'komwe kuti chinthu chotere chimatchedwa ndakatulo. Sindinali ndekha. Matumba akatha ntchito kuno sataya. Amayanikapo ufa, amatchingira bafa, amafolerera mabenchi a tomato. Choncho mawu a a Sichali anali ponseponse, ndipo ana ambiri a kwathu tinaona dzina lakuti Malawi pa thumba la nyemba tisanalione m'buku la kusukulu.

Chifukwa chimene ankalembera, msika wonse unkachidziwa, ngakhale panalibe wochitchula iwo ali pomwepo. Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, Lusekelo. Iye atamaliza Folomu 4 anakhala pakhomo zaka ziwiri, ntchito osaipeza. Tsiku lina akumenya nyemba pabwalo, anauza bambo ake kuti Malawi amathera pa Karonga, kuno ndi kumene dziko linataya zotsala. Anati iye sangakonde dziko limene silikudziwa kuti iye alipo. Oyandikana nawo amati a Sichali anaponya ndodo yomenyera nyemba pansi n'kumuuza kuti abweze mawuwo. Sanabweze. Patapita masiku ochepa anakwera lole ya nyemba n'kupita ku Tunduma, ku Tanzania, kumene anayamba ntchito yotsitsa matumba m'malole.

Kupita kutsidya si nkhani kuno. Theka la mabanja athu ali ndi wina ku Zambia kapena ku Tanzania, ndipo amabwera pa Khirisimasi ndi zitenje. Chimene chinawabaya a Sichali ndi uthenga umene madalaivala anabwera nawo. Lusekelo anali atasiya dzina lake. Kumeneko ankadzitcha Juma, n'kumauza anthu kuti kwawo ndi cha ku Mbeya. Dalaivala wina wa kwathu atamupatsa moni wa Chilambya, chiyankhulo cha kwathu, iye anayankha m'Chiswahili ngati sanamve. Foni ya bambo ake sankayankha. Kalata imene anamutumizira inabwerera yosatsegula.

A Sichali sanamulondole. Ankati munthu wamkulu sakokedwa ndi khutu kuti akonde kwawo. Koma anali ataona chinthu chimodzi: kalata munthu angathe kuikana, foni angathe kuizimitsa, koma wonyamula matumba sangakane thumba. Ayenera kuwerama, kuliyang'ana, n'kuliika pamsana. Nyemba zambiri za pamsika wathu zimapita ku Tunduma komweko. Kuyambira chaka chimenecho, thumba lililonse lodutsa m'manja mwawo linkachoka ndi mawu.

Nzeru imeneyi ankati sanaitole okha. Ali mnyamata anagwirapo ntchito ya m'dimba ku mishoni, ndipo kunali sisitere wina wa mtundu wa Chifilipino amene ankakonda kudzazula nawo udzu m'mabedi a kabichi. Sisitereyo anawauza kuti kwawonso anthu anakhala nthawi yaitali pansi pa atsamunda, mpaka ena ankachita manyazi ndi mtundu wawo. Chimene chinawadzutsa, iye anatero, chinali mabuku. Anthu anawerenga nkhani zonena za iwo eni, za midzi yawo ndi za kunyozedwa kwawo, ndipo anakwiya n'kuyamba kudzitcha anthu a dziko limodzi. Atsamunda analetsa mabukuwo, koma ankalowabe mobisa m'katundu wa amalonda. A Sichali ankaikonda nkhaniyi kwambiri, ndipo ankaifotokoza kwa aliyense wobisala mvula pakhonde pawo. Pomaliza ankanena kuti anzathuwo anali ndi sitima za pamadzi, ife tili ndi malole a nyemba, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti ife sitibisa kanthu m'kati mwa katundu, timalemba kunja.

Musaganize kuti ankalemba zotamanda zokhazokha. Dziko ankalikalipira ngati mmene ankakalipirira ife tikaponda matumba awo penti isanaume. Analemba za misewu ya kumidzi imene imadula anthu mvula ikagwa. Analemba za ogwira ntchito ena ochokera kumwera amene akatumizidwa kuno amalira ngati apatsidwa chilango. Mphunzitsi wina wachinyamata anawafunsa kuti ngati akuona zonsezi, chikondi chawocho n'chachiyani, si zomwezo zimene ananena Lusekelo? Iwo anayankha kuti denga lodontha limene munthu amadandaula nalo ndi la nyumba imene amagonamo. La mnzako ukhoza kungoliseka n'kudutsa. Anati mwana wawo sanalakwe poona kudontha, analakwa ponena kuti nyumbayo si yake.

Anakangananso ndi akuluakulu anzawo a kumudzi pa nkhani ya chiyankhulo. Ena ankati munthu wa Chilambya alembe Chilambya, bwanji akukometsa chiyankhulo cha eni? A Sichali ankalemba Chilambya pa matumba ena, makamaka a mawere amene sapita kutali. Koma ankati Chichewa sanachibe, anachiphunzira ndi zikwapu za aphunzitsi, ndiye ndi chawo. Ankafunanso kuti wa ku Lilongwe akaona thumba asapeze pothawira kuti sanamve. Akamayankhula, Chichewa chawo chinkatuluka ndi kamvekedwe ka kuno, ndipo amalonda ena ankawatsanzira. Iwo sankasintha ngakhale pang'ono. Ankangokweza mawu.

Anali ndi chizolowezi china chimene tonse tinkachiopa. Ankanena mizere itatu mokweza, kenako n'kuloza munthu ndi kamtengo ka penti kaja kuti amalize wachinayi. Sankasankha. Analozapo wapolisi, analozapo abusa, analozapo mayi wogulitsa mandazi amene anawayankha mwano wokoma mpaka iwo anagwa pampando ndi kuseka. Ine anandiloza kamodzi nditaperekeza amayi kumsika. Ndinangoyang'ana zala za kumapazi. Sanandinyoze. Anati adikira, penti yawo siuma msanga. Anthu amati masewerawa anayamba ndi Lusekelo ali wamng'ono, atamukweza pa keriyala ya njinga, bambo akunena mizere kutsogolo, mwana akumaliza kumbuyo.

Tsiku limene msika sudzaiwala linali la m'nyengo yokolola, mphepo ya fumbi ikuwomba. Wamalonda wamkulu amene ankawapatsa ntchito yambiri anali mayi Nachisale, ochokera ku Dedza, amene akhala kuno zaka zambiri ndipo amapereka moni wa Chitumbuka bwinobwino. Nyemba zawo ankagulitsa kwa bambo wina wa ku Tanzania amene tonse tinkangomutcha tajiri, kutanthauza munthu wachuma. Tajiriyo anadandaula kuti matumba olembedwa akumuonongera malonda, chifukwa iye akafika kwawo amagulitsa nyembazo ngati zolimidwa komweko. Mayi Nachisale anabwera pakhonde ndi mtolo wa matumba atsopano kwa a Sichali, amene ankawaitana kuti asekulu, ndiye kuti agogo. Amayi anga anali pafupi, ndipo ndi amene anandiuza mmene zinayambira.

"Mwawuka uli, asekulu? Awa mulembe dzina lokha. Nyimbo zanu zija ayi."

"Dzina la ndani, amama?"

"Langa. La ndaninso?"

"Nyembazi munalima ndinu?"

"Ndinagula. Musandiyambe m'mawa muno."

"Ndiye lanu ndilemba pamwamba monga mwa masiku onse. Pansipa ndi pa eni dothi."

"Asekulu, ine ndili ndi ana kusukulu. Munthu uja akandisiya, mundigula ndinu? Mukalembanso, ndiwatembenuza matumbawo, mawu anuwo akawerengedwe ndi nyemba m'kati."

A Sichali anaimirira. Anamanga mtolowo panjinga, nanena kuti akalembera kunyumba chifukwa pakhonde pachuluka fumbi. Masiku atatu sanaoneke pamsika.

Tsiku lachinayi lole ya tajiri inali itaima kale, nyemba zili mulu pa matenti, pamene iwo anatulukira akukankha njinga. Tsiku limenelo ndinalipo. Anamasula mtolo n'kuyala thumba loyamba. Dzina la mayi Nachisale linali pamwamba, laudongo. Pansi pake panali zofiira:

Amati tili kumathero a dziko.
Aimike mapu aone bwino:
munthu amayambira kumutu.

Mayi Nachisale anagwira m'chiuno. "Ndinanena ine. A Kayange, tembenuzani onse!"

A Kayange ndi mkulu wa abambo onyamula katundu pamsika, munthu wamtali wokonda nthabwala. Analowetsa dzanja m'thumba, nagwira pansi pake, n'kulikoka mpaka linatembenuka. Analikutumula kawiri. Kenako anaima chilili, n'kuyamba kuseka osatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. M'kati munalinso ndakatulo yomweyo, zilembo zazikulu kuposa zakunja. Anatembenuza lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu, chimodzimodzi. Nkhalamba ija inali itakhala masiku atatu ikulemba thumba lililonse mbali zonse ziwiri.

"Amama," anatero a Kayange akupukuta misozi, "titembenuzenso kachitatu? Mwina kuli mbali ina."

Msika wonse unasiya malonda. Amayi a tomato anabwera, a kabaza anazimitsa njinga zawo. Tajiri anatsika m'lole akufunsa chimene chikuchitika, ndipo atamva analamula kuti agule matumba ena. Koma inali nyengo yokolola, matumba atsopano anali atatha m'masitolo onse a pa Boma, ndipo dalaivala wake ankafuna kudutsa pachipata cha malire dzuwa lisanapendeke. Tajiriyo anayang'ana a Sichali, amene anali atakhala pampando wawo akulowetsa chingwe pa singano ngati nkhaniyo si yawo.

"Mzee, walemba chiyani apa?"

"A Kayange, muwerengereni mlendo. Mokweza. Mumasulirenso m'chiyankhulo chake, asadzati tinamunamiza."

A Kayange anakwera pa mulu wa matumba a chimanga, natambasula thumba lija ngati mbendera, n'kuwerenga. Atafika pa mzere wa mutu uja anadzimenya pachipumi, ndipo anthu anakuwa. Amayi ena analuluta. Sindinamvepo anthu a kwathu akukuwa chotero chifukwa cha dera lawo, ngakhale pa mpira. Ineyo ndinazindikira kuti ndakweza dzanja m'mwamba, ndipo ndinalibweza msanga amayi asanaone.

Tajiri anapukusa mutu. "Mzee mkorofi," anatero, kutanthauza nkhalamba yovuta. Kenako analoza mulu wa nyemba. "Pakirani."

A Sichali anasoka matumba onsewo okha, limodzilimodzi, mpaka lomaliza. Atamaliza, mayi Nachisale anaima patsogolo pawo. Sanakalipe. Anangoti, "Asekulu, mwandichititsa manyazi pamaso pa wogula wanga. Ntchito yanga simudzaigwiranso."

"Yewo, amama," anayankha. "Koma matumba a lero apita."

Anasungadi mawu awo mayiwo, ndipo amalonda ena akuluakulu anatsatira. Anagula zolembera zakuda za m'sitolo n'kumalemba okha maina awo. Pakhonde paja panayamba kukhala zii. A Sichali ankabwerabe m'mawa uliwonse, kuyala chingwe ndi singano, n'kukhala. Malaya awo anayamba kukula m'thupi. Mkazi wawo, amene anali atapirira zambiri, anawapempha kuti akapepese, chifukwa ndakatulo sathira m'poto. Abusa nawo anawayendera n'kuwakumbutsa za kudzichepetsa. A Sichali anati adzapepesa tsiku limene wina adzawaonetse bodza limodzi pa matumba aja. Chimene chinkawadya sichinali njala yokha. Malole ankanyamuka pamaso pawo ndi matumba oyera, kupita kumene kunali mwana wawo, opanda liwu lililonse.

Amene anawatola anali alimi ang'onoang'ono, amayi obwera ndi thumba limodzi kapena awiri pamutu ndi panjinga. Amayi anga anali mmodzi wa iwo. Ankawabweretsera matumba akale kuti awazigambe, n'kuwasiyira mbale ya nyemba kapena chinangwa. Onse ankachoka olembedwa. Vuto linali lakuti amalonda akagula ankakhuthulira nyembazo m'matumba awo oyera. Apa ndi pamene a Kayange ndi anzawo analowererapo. Chaka chimenecho matumba a amalonda anayamba kung'ambika modabwitsa pokweza pa lole. Likang'ambika, pafupi pankapezeka thumba lolimba la a Sichali, ndipo lole siidikira. Mayi Nachisale anafunsapo kuti kodi msika uno walowa makoswe a miyendo iwiri? A Kayange anati nawonso akudabwa, matumba a masiku ano ndi osalimba. Pa lole iliyonse pankakwera limodzi kapena awiri ofiira.

Kuyambira pamenepo a Sichali anasiya kupeka zatsopano. Thumba lililonse ankalembapo mizere itatu yomweyomweyo, n'kusiya malo opanda kanthu pansi pake:

Ndinadzala mtengo pafupi ndi malire,
nthambi zake zagwera kutsidya.
Odutsa akuti ndi mtengo wa kumeneko,

Anthu ena ankati penti ikuwathera. Ena ankati mutu wayamba kukalamba. Amene ankadziwa za njinga ija ndi mwana wa pa keriyala ankamvetsa kuti mpatawo ukudikira ndani. Analemba mizere imeneyi nyengo ziwiri zokolola. Maso awo anayamba kuchita khungu, zilembo zinayamba kupendama, koma malo a mzere wachinayi ankawayeza ndi chikhatho kuti asachepe.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, m'nyengo yotentha mvula isanayambe, lole yochokera ku Tunduma inaima pamsika. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo.

"Mzee mkorofi! Katundu wanu uyu. Wandipatsa mnyamata wina wotsitsa matumba, wati ndisapatse munthu wina."

Anaponya thumba lopanda kanthu, lopindidwa kanayi n'kumangidwa ndi chingwe. A Sichali analimasula pa maondo. Linali lawo lomwe, lakuda ndi fumbi la m'njira. Analiyandikiza kumaso, nalitalikitsa, koma sanathe kuona. Ine ndinali nditakhala pa sitepe ndikudikira amayi.

"Mzukulu, bwera. Pansipa pali chiyani?"

Pansi pa mizere yawo yofiira panali mzere wina wa cholembera chakuda. Ndinawerenga chapansipansi.

"Kweza mawu, iwe. Si kalata ya chibwenzi imeneyi."

Ndinakweza, mwina koyamba m'moyo wanga pagulu. Ndinayambira pamwamba, mtengo, nthambi, odutsa, kenako mzere wakudawo:

koma akumbe aone kumene kuli mizu.

Pansi pake panalembedwa kuti Lusekelo Sichali, Kaseye, Malawi.

Ndinkayembekeza kuti alira. Sanalire. Anandiuza kuti ndibwereze dzinalo, ndipo ndinabwereza. Anasisita mzerewo ndi chala, nanena kuti mwanayo amalembabe ngati nkhuku yapalasa, koma mzere wakhala. Kenako anaimirira, thumba lili m'manja, n'kukuwa kuloza kutsidya kwa msewu kumene mayi Nachisale ankayeza nyemba pasikelo.

"Amama Nachisale! Positi yanga yayankha!"

Mayiwo anawoloka msewu, nawerenga okha, milomo ikuyenda. Kenako anati, "Ndinu ovutabe, asekulu," n'kutuma munthu kukagula misomali inayi. A Kayange ndi amene analikhoma pakhoma, pamwamba pa mpando.

Lusekelo sanabwere nthawi imeneyo. Ndikunena izi chifukwa ena akamafotokoza nkhaniyi amaikometsa, amati anafika mawa lake n'kugwada. Ayi. Bambo ake anakhala miyezi inayi pansi pa thumba lija akuuza aliyense kuti aliwerenge, ndipo amene wakana ankamutsekera njira ndi mwendo. Mvula ili pakati anadwala chifuwa masiku ochepa, namwalira kunyumba kwawo. Anthu a pamsika tinapita ku Kaseye pa lole ya mayi Nachisale, amene anakana kuti wina aliyense athandize mafuta.

Lusekelo anafika pa kabaza, matope mpaka m'maondo, manda akukwiriridwa. Mkulu woyendetsa mwambo, amene sankamudziwa, anamufunsa kuti amulengeze kuti ndani. Anatchula dzina lake lonse, la kuno. Atapatsidwa mpata woyankhula, sanapepese ndipo sanalonjeze kanthu. Anati zaka zonsezi thumba lofiira likatsika m'lole, ankalitembenuzira kumsana msanga kuti asaone, koma maso anali atawerenga kale. Kenako anayamba kunena ndakatulo za bambo ake pamtima, imodzi pambuyo pa inzake, zina zimene ife tinali titaziiwala. Atafika pa ya mutu ija, a Kayange anayankhira kumbuyo, ndipo manda onse anamaliza nawo. Abusa anayang'ana pansi, koma sanatiletse.

Anabwerera ku Tunduma patapita sabata, chifukwa ali ndi mkazi ndi ana kumeneko. Madalaivala akuti masiku ano anzake amamuitana kuti Mmalawi, ndipo amatembenuka. Asananyamuke anapempha thumba la pakhoma lija kuti apite nalo. A Kayange anamuuza kuti kalata ikafika imakhala ya wolandira, ndipo wolandirayo anaisiyira msika.

Sitolo ija inapeza mwini watsopano chaka chino, bambo wogulitsa zipangizo za mafoni. Anafuna kupaka khoma lonse penti yowala ndi kuchotsa chimene anachitcha chisanza. Tsiku limene anabwera ndi makwerero anapeza amayi a nyemba atakhala pa sitepe yonse, madengu ali pamiyendo, palibe woti asunthe. Anafunsa kuti chisanzacho n'cha ndani. Ndinangomva mawu anga akuti, "N'chathu, bambo. Pakani kwina konse, apa ayi." Bamboyo anasuntha makwerero ake. Anapaka khoma lonse n'kusiya chigamba chimodzi cha laimu wakale.

Ndinadutsapo dzulo. Pakhonde paja mpando palibe, unapita kumudzi, koma pa simenti pali timaenje tinayi pamene miyendo yake inadya. Madontho ofiira ayambira pamenepo mpaka pa sitepe, ena akuluakulu ngati chala, ndipo mkazi wa mwini sitolo wayesa kuwakwecha osatheka. Msomali umene ankapachikapo chitini ulipo, wopindika. Mvula ikagwa anthu amadzazana pakhondepo, koma pa timaenje tija pamakhala mpata, ngati pali munthu. Thumba lili pomwe analikhoma. Penti ya a Sichali sinasinthe. Mzere wa Lusekelo ndi umene dzuwa limaudya, chifukwa cholembera cha m'sitolo sichilimba, ndiye ukayamba kuzilala ndimaudutsanso ndi changa, mosamala, kutsata mmene nkhuku inapalasira. Kutsogolo kwake malole akupakira matumba oyera, ndipo iliyonse ikamakhota kulowera kumalire imadutsa pansi pa mizere inayi ija.